Chimafunde Chafika ku Sukulu ya Pirirani

Mu ufumu wa Tidzaona aliyense ankadziwa kuti Mfumu Zalimba ikapita kunja imabwera ndi lamulo latsopano. Chaka china itachokera ku dziko lozizira inalamula kuti apolisi onse azivala makhoti aubweya, ndipo mwezi wa Okutobala apolisi ambiri anakomoka ali pa ntchito. Choncho itamveka mbiri yakuti Mfumu yabwerako ku Mafunde, dziko la kutsidya kwa nyanja yamchere, anthu a mumzinda wa Dikirani anayamba kufunsana kuti ulendo uno akomoka ndani.

Koma Mfumu inabwera ndi nkhope yakugwa. Inaitanitsa bwalo la nduna isanavule n'komwe nsapato za paulendo.

"Andichititsa manyazi ana," inatero Mfumu. "Ana asukulu enieni, ena mano akutsogolo asanamere. Anandiimbira nyimbo m'chinenero chathu chino. Mtsikana wina anandijambula ndi penti, mphuno yangayi n'kuipeza ndendende. Kenako Mfumukazi yawo inandifunsa kuti, 'Nanga ana a kwanu amadziwa chiyani za ife?' Ine ndinangotsokomola."

Nduna zonse zinatsokomola nazo, posonyeza kuti zili pambuyo pa Mfumu.

"Mfumukazi ija ikubwera kuno tikakolola. Ndikufuna idzapeze ana a Tidzaona akujambula, akuimba, ndiponso akulankhula Chimafunde ngati anabadwira konko. A Msungichuma, tsegulani thumba. Mabuku agulidwe, penti agulidwe, aphunzitsi aphunzitsidwe."

Kunena zoona, linali lamulo labwino kuposa onse amene Mfumu inabwerapo nawo kuchokera kunja, ndipo thumba linatsegulidwadi kwambiri. Apa m'pamene inaimirira Nduna ya Maphunziro, a Gwedeza. Anali bambo wamtali wa mawu okoma, wotha kulankhula m'mawa wonse popanda kunena kanthu koti munthu n'kukafotokozera mnzake kunyumba.

"Mfumu yanga," anatero a Gwedeza, "mphunzitsi sangaphunzire chinthu chimene bwana wake sakuchidziwa. Kumeneko kungakhale kusokoneza ulemu. Maphunziro ayenera kuyambira kumwamba, n'kumatsika pang'onopang'ono ngati madzi a padenga."

Bwalo linawomba m'manja, makamaka amene anali kufupi ndi dengalo.

A Gwedeza ndi akuluakulu a unduna wawo anakwera ndege kupita ku Mafunde kukaphunzira chinenero. Anabwerako atanenepa, masutikesi atachuluka kuposa popita. Iwo anaphunzitsa mabwana a zigawo ku hotela ya pamwamba pa phiri. Mabwana a zigawo anaphunzitsa oyendera sukulu ku nyumba ya alendo ya m'tauni. Oyendera sukulu anaphunzitsa aphunzitsi aakulu mu holo ya tchalitchi, ndipo kumeneko kunali mabanzi okha ndi madzi a shuga. Pa sitepe iliyonse Chimafunde chinkachepa ngati sopo wobwerekana.

Kumapeto kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wochokera ku bwalo la ndege, kunali sukulu ya Pirirani. Pa sukuluyi pankaphunzitsa mayi Felesia Kamwendo, mphunzitsi wa masamu, munthu wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku limene aphunzitsi anakhala pansi kugawana ntchito yatsopanoyi, mayi Kamwendo anali kuchipatala kukachotsetsa dzino. Atabwerako tsaya lili lotupa, anapeza kuti anzawo onse agwirizana ndi mtima umodzi kuti iwo ndiwo mphunzitsi wa Chimafunde, zojambula ndi nyimbo.

Anapita ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, a Kwenda.

"Ahedi, ine Chimafunde sindinachimvepo ngakhale kutulo."

"Musadandaule, mayi. Ndikuphunzitsani ine ndemwe. Khalani pansi." A Kwenda anakonza kukhosi, n'kukweza chala m'mwamba. "Bolari sente muva."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndi moni. Moni waulemu kwambiri. Oyendera sukulu anatiuza kuti mabwana athu ali ku Mafunde kuja ankanena mawu amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo eni dziko ankathamangathamanga akangowamva."

Mayi Kamwendo anabwereza mawuwo mpaka anakhala m'kamwa. "Chabwino, ahedi. Pitirizani."

"Basi, mayi. Maphunziro athera pomwepa. Setifiketi ibwera."

"Nanga mabuku?"

"Mabuku alipo, ali ku likulu. Akudikira mwambo wowapereka. Mwambowo ukudikira nsanja, ndipo nsanjayo ikudikira komiti."

Pasanapite nthawi, ana anatengera mawu aja kunyumba, ndipo anafika pa msika wa Dikirani. Kumeneko amuna awo a mayi Kamwendo, a Bizaliele, ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Masiku amenewo makina awo sankapuma, chifukwa unduna unaitanitsa nsalu zokhala ndi nkhope ya Mfumu ndi ya Mfumukazi zoti amayi adzavale povina. Pafupi nawo pankakhala Anangondo, mayi wogulitsa zitumbuwa, amene ankadziwa nkhani za ufumu wonse zisanafike pa wayilesi.

"Bolari sente muva, atelala!" ankatero Anangondo m'mawa uliwonse.

"Sente muva kaya inu, mayi."

"Chinenero chabwino ichi. Munthu umachiyamba m'mawa, pofika masana wachimaliza. Osati Chizungu chija tinalimbana nacho mpaka imvi."

Tsiku lina pa sukulu panafika lole yodzaza ndi zitini za penti. Mayi Kamwendo anasangalala koyamba chilandirireni ntchito ija. Anatsegula chitini choyamba, n'kupeza penti woyera. Chachiwiri, woyera. Anakwera m'lole momwemo n'kutsegula cha pakona, nachonso woyera.

"Nanga wofiira, wobiriwira, wachikasu ali kuti?" mayi Kamwendo anafunsa dalaivala.

"Kaya, mayi. Ife anatiuza kuti woyera ndiye waulemu."

M'mawa mwake kunabwera anthu aganyu, n'kutenga zitini zija pamodzi ndi maburashi onse. Anayamba kupaka miyala ya m'mbali mwa msewu ndi makungwa a mitengo, kuchokera ku bwalo la ndege mpaka kunyumba ya Mfumu. Mayi Kamwendo anapita pa msika ataipidwa, n'kukhala pa benchi ya amuna awo.

"Make Sekani, musadandaule," anatero a Bizaliele akupalasa makina. "Chuma chapitadi ku maphunziro. Simunaione miyala ija mmene yachangamukira?"

"Yanga ija ya pakhomo ndikuiperekeza mawa," anatero Anangondo. "Nayonso ikayambe sukulu."

Mayi Kamwendo sanaseke. "Bambo a Sekani, kwabwera woyendera sukulu lero. Akuti Mfumukazi idzaima pa sukulu pathu, chifukwa ndife oyamba pa msewu. Akuti zikadzalakwika, wolakwa ndine, ndipo adzanditumiza ku Kumathero."

Makina anaima. Kumathero inali sukulu ya kumalire a ufumu, kumene basi inkafika pokhapokha ikasochera. Kunalibe msika, ndipo telala sakanapeza womusokera ngakhale chigamba. Kupita kumeneko kunali kugawa banja pakati.

"Ndiye mutani?" anafunsa a Bizaliele, nthabwala zitawathera.

"Ndiphunzitsa. Nanga ndingatani?"

Lolemba lake anatenga ana kupita nawo kudambo ndi kuchulu. Anabwera ndi katondo wofiira, dothi lachikasu, makala, phulusa ndi masamba ofinya. Maburashi anapanga ndi nthenga za nkhuku ndi timitengo totafuna kunsonga. Mapepala kunalibe, choncho anasankha khoma la kutsogolo kwa sukulu. Mayi Kamwendo ndiwo anayamba kujambula mbuzi kuti ana aonere.

"Aphunzitsi, tebulo limenelo lili ndi mchira bwanji?" anafunsa mwana wina.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, mayi Kamwendo nawonso anaseka mpaka misozi. Kenako anapereka nthenga ija kwa ana n'kunena kuti, "Chabwino, ndionetseni inu mbuzi yeniyeni."

Kuyambira tsiku limenelo khoma linayamba kudzaza. Ana amene ankathawa sukulu nthawi yopuma anayamba kutsalira belu litalira. Panali mtsikana wina, Ndaziona, amene chaka chonse sanayankhepo funso la masamu ndipo aphunzitsi ankamuyesa wogona. Iyeyu anajambula mayi ake atasenza mtolo wa nkhuni, khosi litapindika pang'ono, ndipo aliyense wodutsa ankawazindikira mayiwo. Mayi Kamwendo ankaima patali n'kumayang'ana, akudabwa kuti ana omwewa akhala nawo zaka zonsezi osawadziwa.

Nyimbo nayo anaikonza. Malipenga amene unduna unagula anali atabwerekedwa ndi gulu loimba la kunyumba ya Mfumu, choncho anakabwereka ng'oma kutchalitchi. Mawu anali atatu okha aja, koma anawagawa ngati kwaya: atsikana kuyamba pamwamba, anyamata kuyankha pansi, kenako onse pamodzi.

Kutatsala pang'ono kuti alendo afike, woyendera sukulu anabweranso. Ataona khoma lija anagwira kumutu.

"Uve wotere Mfumukazi idzauone? Dothi pakhoma la boma? Pakani!"

Chitini chomaliza cha penti woyera chinathera pamenepo. Ana anaimirira akuonerera anthu aganyu akufafaniza zithunzi za msika, mbuzi ndi mayi ake a Ndaziona. Ndaziona analira mosatulutsa mawu. Mayi Kamwendo anatsala pang'ono kunena mawu amene akanawafikitsa ku Kumathero tsiku lomwelo. Koma anadikira kuti galimoto ya woyendera sukulu ichoke.

"Pukutani misozi," anauza anawo. "Sukulu ino ili ndi khoma linanso kuseri. Kumeneko mabwana safikako."

Tsiku lalikulu linafika. Ana anawandandalika pabwalo dzuwa likungotuluka. Alendo anafika dzuwa litakwera, Mfumu Zalimba ili pambali pa Mfumukazi ya ku Mafunde, mayi wamfupi wa maso oseka. Pambuyo pa Mfumukazi pankayenda womasulira wake, mayi wachikulire wovala magalasi, dzina lake Orisa, amene kwawo anali mphunzitsi wa chinenero cha ku Tidzaona.

Zolankhula zinayamba. Analankhula a Kwenda, analankhula bwana wa chigawo, analankhula a Msungichuma. Kenako a Gwedeza anaimirira n'kunena kuti salankhula zambiri, ndipo anthu odziwa anayamba kufunafuna mthunzi. Anafotokoza za masomphenya, za maziko a masomphenyawo, ndi za komiti imene inaona masomphenyawo poyamba. Dzuwa linafika paliwombo n'kuyamba kupendeka. Fungo la mpunga ndi nyama, zimene ankaphikira alendo kuseri kwa sukulu, linkadutsa pabwalo ngati nalonso laitanidwa.

Pomaliza mayi Kamwendo anakweza dzanja. Ng'oma zinalira, ndipo ana anaimba ndi mtima wawo wonse.

"Bolari sente muva! Bolari, bolari, sente muva!"

Inali nyimbo yokoma zedi. Amayi ovala nsalu za nkhope ya Mfumu analulutira. Koma mayi Orisa anagwira pakamwa, ndipo mapewa a Mfumukazi anayamba kugwedezeka.

Mfumu inatembenukira kwa nduna yake monyadira. "A Gwedeza, tamasulirani anthu amve."

A Gwedeza sanachedwe. "Anawa akuti: takulandirani ndi manja awiri, inu nyenyezi ya kutsidya kwa nyanja, bwenzi la Mfumu yathu yanzeru, imene mwa chifundo chake yatitsegulira chitseko cha maphunziro."

"Zonsezo m'mawu atatu?" inadabwa Mfumu. "Chinenero chosunga nthawi ichi. Si choncho, mayi womasulira?"

Mayi Orisa anayang'ana Mfumukazi yawo, ndipo Mfumukazi inagwedeza mutu kuwalola. Anavula magalasi, n'kunena mwaulemu m'chinenero cha ku Tidzaona, "Pepani, Mfumu. Anawa akufunsa kuti chakudya chikubwera nthawi yanji."

Aliyense anamvetsa nthawi yomweyo chifukwa chake mabwana ankanena mawuwa tsiku ndi tsiku ku hotela ya ku Mafunde, ndi chifukwa chake eni dziko ankathamangathamanga. Woyendera sukulu anayang'ana mayi Kamwendo ndi diso loti longedzani katundu. Mayi Kamwendo anafunafuna amuna awo m'khamulo, n'kuwaona ataima pafupi ndi Anangondo, chipewa chili m'manja.

Apo Mfumukazi inaimirira. Inayang'ana ana aja, milomo yawo itauma ndi dzuwa, n'kulankhula pang'onopang'ono m'chinenero chathu chothyokathyoka.

"Ana abwino. Funso labwino. Inenso njala." Inaloza a Gwedeza. "Abambo awa, kulankhula kwambiri."

Bwalo lonse linaphulika ndi chiseko. Mfumu Zalimba, imene nayonso m'mimba munali mukulira kuyambira nthawi ya masomphenya, inaseka mpaka kugwira mpando. A Gwedeza anaseka nawo mochedwa pang'ono, kenako anawerama kukhutu kwa Mfumu, koma mokweza kuti ena amve.

"Ndi mmene tinakonzera, Mfumu yanga. Tinasankha mawu ogwira ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku."

Mfumukazi inakana kudya ana asanadye, choncho mpunga wa alendo unagawidwa kwa onse, ndipo nduna zinadya nyama yochepa kuposa imene zinazolowera. Matebulo anali pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa sukulu. Mfumukazi itangokhala pansi, inadzukanso, mbale ili m'manja, n'kupita pa khoma.

Panali msika wonse wa Dikirani. Panali telala ali pa makina, mayi wa zitumbuwa pakamwa pali yasa, mbuzi zooneka ngati mbuzi, ndi mayi wosenza nkhuni amene Ndaziona anamujambulanso, ulendo uno bwino kuposa poyamba. Chakumapeto mwana wina anajambula anthu aganyu atawerama, akupaka miyala.

Mfumukazi inaima nthawi yaitali, kenako inapempha kuonana ndi mphunzitsi wake. Mayi Kamwendo anafika n'kugwada, ndipo mayi Orisa anamasulira funso: utoto wokongola chotere amaugula kuti?

"Sitigula, mayi. Wofiirawo ndi katondo, wakudawo ndi makala, wotuwawo ndi phulusa."

Mfumu Zalimba inakwinya nkhope. "Nanga penti ndinalamula uja ali kuti?"

Mayi Kamwendo anadziwa kuti a Gwedeza ali kumbuyo kwawo, ndi woyendera sukulu yemwe. Anaganiza kuti ngati n'kupita ku Kumathero, kuli bwino apite atanena.

"Mwadutsa pakati pake pobwera, Mfumu. Ali m'mbali mwa msewu monsemo."

Mfumu inasuzumira kumsewu, kumene miyala inali mbuu pa dzuwa. "Nanga Chimafunde munaphunzira kuti?"

"Mu ofesi ya ahedi, nthawi yopuma. Mawu atatu aja ndi okhawo amene anafika kuno. Enawo anatsala m'njira. Mabuku sitinawaone."

Mfumu inatafuna pang'onopang'ono. "Mayi, mwandichotsa manyazi lero, ngakhale mwanjira yachilendo. Mukufuna ndikupatseni chiyani?"

"Mendulo," ananong'oneza a Gwedeza kumbuyo. "Nenani kuti mendulo."

"Mfumu, ndikufuna kuphunzira chimene ndikuphunzitsa," anatero mayi Kamwendo. "Ine ndi anzanga a m'sukulu zina. Ndiponso ana apatsidwe penti wa mitundu ina. Woyera tamuona."

Mayi Orisa atamasulira, Mfumukazi inalankhula nawo pang'ono m'Chimafunde chenicheni, chimene anthu a ku Tidzaona anachimva koyamba tsiku limenelo, ndipo anadabwa kuti n'chachitali. Anagwirizana kuti mayi Orisa atsale pa Pirirani mpaka chaka chithe.

Sabata yotsatira mabuku anafika pa lole popanda mwambo uliwonse, zimene zinakhumudwitsa kwambiri komiti ya nsanja. Penti wa mitundumitundu anafikanso, ngakhale kuti wobiriwira anachepa chifukwa mpanda wa ku unduna unkafunika kukonzedwa. Za Kumathero palibe anazitchulanso. Loweruka lililonse aphunzitsi ankabwera pa njinga kuchokera kutali, n'kukhala pa mabenchi a ana, mayi Orisa ali kutsogolo. Alawansi kunalibe. Akuluakulu a ku unduna atamva kuti anthu akusonkhana popanda alawansi, anatuma munthu kukafufuza ngati pa Pirirani payambika mpingo.

A Gwedeza nawo sanaiwalike. Mfumu Zalimba sinkakonda kukalipira munthu pagulu. Pa bwalo lotsatira inangoti, "A Gwedeza, ndinamva mmene munatambasulira mawu atatu aja. Munthu wodziwa Chimafunde chotere sitingamuwononge ndi ntchito za kuno. Mukakhala kazembe wathu ku Mafunde. Womasulira simukumufuna, choncho sitikupatsani."

Mpaka lero pa msika wa Dikirani amatsutsanabe ngati Mfumu inkawayamikira kapena inkawalanga. A Bizaliele amati inkawalanga. Anangondo amati ku Tidzaona zinthu ziwirizi zimavala nsalu imodzi.

Loweruka lina phunziro lili mkati, galimoto yakuda inaima patali ndi sukulu, pamalo poti siingaoneke bwino. Munatuluka a Gwedeza okha, opanda wowanyamulira chikwama. Anaima pakhomo la kalasi, n'kugogoda chitseko chimene chinali chotsegula kale. Aphunzitsi onse anaimirira mwa chizolowezi.

"Khalani, khalani," anatero a Gwedeza ndi mawu otsika amene palibe anali atawamvapo. "Mayi Kamwendo, kaya malo alipo?"

Mayi Kamwendo anasendera pa benchi pawo, n'kukankhira buku pakati kuti aonere limodzi. A Gwedeza anapinda miyendo yawo yaitali movutikira, mawondo n'kugunda desiki.

"Ife tili pa tsamba la za kumsika, bwana," anatero mayi Kamwendo. "Koma tikhoza kubwerera pa moni."

"Moni ndidzaphunzira mawa," anatero a Gwedeza akutulutsa cholembera. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, ndipo mayi Orisa anawaloza. "Aphunzitsi, tayambani mwandiuza mmene amanenera kuti pepani. Ndikuona ngati kumene ndikupitako ndikawafuna kwambiri mawu amenewo."